Aphunzitsi Ham ndi Mwamuna Amene Anatengedwa Panyanja

Ku Solgae, mudzi wathu wa asodzi umene uli kufupi ndi malire amene anagawa dziko lathu pawiri, boma la kumpoto ndi boma la kummwera kuno, pafupifupi aliyense wokulira kumeneko anadutsa m'manja mwa Ham Okbun. Ngakhale ana a anthu osapemphera ankapita ku Sande sukulu yake, ena potsatira mbatata imene ankaotcha pambaula nyengo yachisanu, ena chifukwa makolo awo ankafuna kuti m'nyumba mukhaleko bata. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo manja ake anali ong'alukang'aluka ndi mchere ndi madzi ozizira. Sanali woseka ndi ana. Koma akanena kuti afika, ankafikadi, ndipo chimenecho ndicho anaphunzitsa moyo wake wonse.

Anabwera ku Solgae ali mtsikana, kuchokera kumudzi wa kumapiri, kudzakwatiwa ndi Pyo Mansu. Ukwatiwo anakonza ndi akuluakulu, ndipo iye anamuona mwamunayo kamodzi kokha tsikulo lisanafike. Mansu ankayang'anira injini m'boti la munthu wina. Anali wanthabwala, wokonda kuimba ngakhale mawu ake anali a khwangwala, ndipo fungo la mafuta a injini silinkamuchoka ngakhale asambe bwanji.

“Iwe wa kumapiri,” ankatero pomugemula mkazi wake, “kodi nsomba umaidziwa kumutu ndi kumchira?”

“Chimene ndikudziwa n'chakuti yonunkha kwambiri m'nyumba muno ndi inu,” ankayankha Okbun, apongozi ake n'kumaseka chobisa pakamwa.

Mwana wawo Sanggu anali atangoyamba kuyenda pamene tsoka linagwa. Inali nyengo yachisanu, pamene nsomba zimathawira kumpoto ndipo asodzi amazitsatira mpaka pamzere umene suoneka ndi maso. Tsikulo kunali nkhungu. Anthu a m'boti lina anafika padoko nkhope zili zakugwa, nanena kuti aona boti la asilikali a kumpoto likukoka boti la a Mansu ndi chingwe, ngati ng'ombe yopita kumsika.

Patatha chaka ena mwa asodziwo anawabweza, koma Mansu panalibe. Obwererawo anayamba asungidwa kaye ndi akuluakulu a mbali yathu ino, ndipo pofika m'mudzi anali anthu ena, osayang'ana munthu kumaso, osayankha funso. Mmodzi yekha ndiye anamunong'oneza Okbun kuseri kwa thandala la nsomba. “Alamu, amuna anu ali moyo. Awasunga chifukwa amadziwa injini. Koma ine sindinakuuzeni kanthu.”

Masiku amenewo banja la munthu wotsala kumpoto linkakhala ngati la wakhate. Ankati munthu wotero angathe kubwera mobisa ngati kazitape, choncho apolisi ovala wamba ankakhala pakhomo pa Okbun kuonerera olowa ndi otuluka. Anansi amene anavina paukwati wake anayamba kulambalala. Kuthandala, kumene ankatumbula ndi kuyanika nsomba za eni ake kuti apeze chakudya, amayi anzake ankasuntha mabeseni awo iye akakhala pansi.

Amene anathyola mpanda umenewo anali Mayi Yuk, dikoni wa katchalitchi ka pachulu, nkhalamba yoyenda chotsimphina. Anafika masana dzuwa likuswa mtengo, mbale ya mpunga ili pamutu.

“Amayi, nyumba mukulowayi mukuidziwa?” anafunsa wapolisi.

“Ndikuidziwa, mwana wanga. Ndi nyumba yomwe muli njala. Dzina langa ndine Yuk, ukawauze bwino akuluakulu ako, usakalakwitse.”

Anabweranso sabata yotsatira, ndi yotsatiranso. Za Mulungu sankalankhula zambiri. Tsiku lina Okbun anamufunsa chifukwa chake sankatopa, ndipo Mayi Yuk anati, “Amene ndimamutumikira satopa nane, ndiye ine ndingatope ndi iwe?” Lamlungu lotsatira Okbun anabereka Sanggu kumbuyo n'kukwera chulu chija.

Uphunzitsi unamugwera mwangozi. Mtsikana amene ankaphunzitsa ana anakwatiwa kumzinda waukulu wa Seoul, ndipo abusa anasowa wina. Okbun anakana, nati sukulu sanapite nayo patali, koma abusa anati angowasunga anawo kuti asamasokosere. Iye anawasunga, ndipo pang'onopang'ono anapeza njira yakeyake. Akatha kuwerenga Malemba ndi kuimba, mwana aliyense ankaimirira n'kutchula chinthu chimodzi chimene achite sabata imeneyo: kutungira madzi nkhalamba inayake, kusesa pabwalo, kudyetsa galu wa mnansi amene ali kuchipatala. Lamlungu linalo ankawafunsa mmodzimmodzi.

“Unapita?”

“Aphunzitsi, kunagwa chipale chofewa chambiri.”

“Ndiye agogo aja ludzu limawasiya kukagwa chipale?”

“Ayi, Aphunzitsi.”

“Mulungu ukanamumva akuti lero kwazizira, dzuwa lisatuluke, ukanamva bwanji? Vala nsapato.”

Sankamenya mwana. Mapemphero akatha ankagwira wolephera uja padzanja n'kupita naye kukachita chimene analonjeza, anthu onse akuona. Ana ankaopa ulendo umenewo kuposa chikoti. Ankawauza kuti kukhulupirika si kumva bwino mumtima, koma kufika pamene unati ufika. Ndipo ankamaliza ndi mawu amene tonse tinawaloweza: wokhulupirika sachita manyazi pomaliza, chimene wadikira Mulungu amamupatsa.

Zaka zinapita. Lamulo linkalola kuti munthu wosowa nthawi yaitali alembedwe kuti anamwalira, ndipo akazi ena a asodzi otengedwa anachita zimenezo n'kukwatiwanso. Palibe anawanena. Okbun nayenso womufuna analipo: Tak, mmisiri wokhoma maboti, amene ankaliza belu la tchalitchi ndipo mkazi wake anamwalira n'kumusiyira ana aakazi awiri. Anamudikira pachipata cha tchalitchi, chipewa chili m'manja.

“Amake Sanggu, ine mawu ambiri sindiwatha. Denga lanu likudontha, ndipo ana anga akudya mpunga wopserera. Bwanji mavuto awiriwa tiwaphatikize?”

“Denga bwerani mudzakonze, a Tak, chakudya chamasana mudzadya. Zinazo ayi. Ndili pabanja.”

“Ndi ndani kodi?”

“Ndi yemwe uja munaledzera paukwati wake mpaka kugwera m'ngalande.”

Tak anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi chipewa. Denga anakonzadi, ndipo patapita nthawi anakwatira mkazi wa kumudzi wina.

Ngakhale apongozi ake, ali pafupi kumwalira, anamugwira dzanja nati, “Mwana wanga, ndakumasula. Unyamata wako usathere pa mwana wanga amene sabwera.”

“Amayi, amene anandimanga si inu,” anatero Okbun. “Ndinagwada pamaso pa mwana wanu tsiku la ukwati, anthu akuona. Mulungu ndinali ndisanamudziwe, koma Iye analipo.”

Amene analipira mtengo waukulu wa kudikirako anali Sanggu. Kusukulu anzake ankamutcha mwana wa kazitape. Anali wanzeru, ndipo ankafuna ntchito ya boma, koma kulikonse kumene ankapita ankafufuza za bambo ake n'kumubweza. Iye ankakhulupirira kuti bambo akewo akalembedwa kuti anamwalira zinthu zipepukako. Tsiku lina anabwera kuchokera kutauni atakanidwanso, napeza amake akuchita zimene ankachita tsiku ndi tsiku: kupakula mbale ya mpunga ya Mansu n'kuifunditsa bulangeti pansi, pamalo ofunda ndi moto wa kukhitchini, kuti akafika apeze chotentha.

“Amayi, mpunga umenewo adye ndani?”

“Bambo ako.”

“Bambo anga kulibe! Mwakhulupirika kwa munthu amene kulibe, nanga ine amene ndilipo ndapindula chiyani? Kalembetseni kuti anafa, ndipume.”

“Sindinganene bodza pa munthu wamoyo.”

“Ndiye khalani nayoni mbale yanuyo.”

Anapita kumzinda wakutali wa Busan kukagwira ntchito kudoko, nakwatira komweko. Ankabwera pamasiku a chikondwerero okha, n'kubwerera asanagone kawiri.

Abusa ankasinthana ku Solgae, koma aliyense wobwera ankamva mbiri ya Aphunzitsi Ham, ndipo akafuna chitsanzo cha kukhulupirika ankaloza pampando wake. Okbun ankaweramitsa mutu, koma mumtima zinkamukomera. Sankakayika kuti tsiku lina Mansu adzatsika basi pamphambano, ndipo onse amene ankamuona ngati wopusa adzasowa chonena.

Tsitsi lake linali litachita mbuu pamene foni inalira. Inali nthawi imene maboma awiriwa ankalola mabanja ochepa olekanitsidwa kuti aonane masiku owerengeka kuphiri la kutsidya kwa malire. Wolankhulayo anati Pyo Mansu ali moyo, ndipo dzina lake lili m'gulu la odzaonana ndi abale awo. Okbun anakhala pansi pomwepo, foni ili m'manja. Lamlungu tchalitchi chonse chinaimba mpaka mawu kusasa. Iye anagula jekete yochindikala, masokosi, mankhwala a m'mimba ndi a nyamakazi. Sanggu anabwera kuchokera ku Busan kuti apite naye.

Atafika kuphiri kuja, anawalowetsa m'holo yaikulu yokhala ndi matebulo ambiri, banja lililonse pa tebulo lake. Chitseko chitatseguka munabuka kulira. Kutebulo lawo kunabwera mdala wamng'ono, wowonda, wopanda mano akutsogolo, atavala suti yomukulira. Okbun anamuyang'ana n'kubwezanso maso kukhomo, kudikira wina. Amene anamuzindikira anali Sanggu, chifukwa anaona nkhope yake yomwe itakalamba. Anagwada mpaka chipumi kugunda pansi.

Mdalayo anamudzutsa, kenako anatembenukira kwa Okbun.

“Iwe wa kumapiri,” anatero.

Okbun anagwira mkono wa sutiyo ndi manja onse awiri. Mawu amene anawasunga zaka zoposa makumi atatu anathawa onse. Koma Mansu anaponya diso kwa bambo wina wa boma la kumpoto amene anaima chapafupi kumvetsera, nakweza mawu ngati mwana wolakatula kusukulu, kunena kuti kumene ali akukhala bwino, atsogoleri anamupatsa nyumba ndi ntchito, sasowa kanthu. Atamaliza anatsitsa mawu.

“Pali munthu amene ndabwera naye.”

Apo m'pamene Okbun anaona mayi amene anaima kumbuyo kwake, wowonda ngati bango, maso ali pansi.

“Awa ndi Yongsil. Ndi amake ana anga a kumeneko.”

Mayiyo anagwada pansi. “Mayi wamkulu, ndikhululukireni.”

M'makutu mwa Okbun munalira ngati mwalowa madzi. Anakhala pampando, natenga nachesi m'mbale n'kuyamba kusenda. Atamaliza anatenga wina. Pamene nthawi ya tsikulo inkatha, patsogolo pake panali mulu wa manachesi osenda amene palibe anadya.

M'mawa mwake mabanja anawalola kukhala m'zipinda paokha. Mansu anakhala pansi atapinda miyendo, nafunsa za amake, ndipo atamva kuti anamwalira kalekale anangogwedeza mutu. Kenako anafunsa Okbun mwaulemu, ngati akufunsa mlendo.

“Nanga amuna ako ndi munthu wabwino? Anakulola kubwera?”

“Sindinakwatiwe.”

“Anamwalira?”

“Bambo,” anatero Sanggu, “amayi sanakwatiwepo. Mpunga wanu amaufunditsa bulangeti mpaka lero.”

Mansu anamenya pansi ndi chikhatho.

“Chitsiru iwe! Chitsiru cha kumapiri! Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti unapeza munthu, kuti mwana ali ndi bambo. Ndinkagona chifukwa cha zimenezo. Tsopano ndigona bwanji?”

Analira ngati mwana. Mkati mwa kulirako ananena kuti nayenso anadikira zaka zingapo, koma munthu wochokera kummwera wosakwatira ankamuona ngati wofuna kuthawa, ndipo akuluakulu a boma anamuuza kuti akwatire. Sanggu anamugwira bambo ake n'kupita nawo pawindo kuti apume mphepo.

Amayi awiriwo anatsala atayang'anizana. Yongsil ankalankhula motsitsa, akuyang'ana kukhomo. Anati m'zaka za njala miyendo ya Mansu inatupa mpaka kulephera kuima. Mwana wawo wamwamuna anamwalira chaka chimenecho. Iye ankawoloka phiri kukagulitsa nkhuni kuti apeze chimanga chodzaza m'manja, ndipo Mansu atafooka kwambiri anamubereka kumsana kupita naye kwa dokotala, ulendo wa tsiku lathunthu. Abale ake ankamuuza kuti amusiye munthu wa kummwerayo, amene dzina lake linkatsekera ana awo njira. Iye sanamusiye.

“Akamalota amatchula dzina lanu,” anatero Yongsil. “Ndinakudani zaka zambiri, mayi wamkulu, ndisanakuoneni n'komwe.”

“Ine ndayamba kukudani dzulo,” anatero Okbun.

Anayang'anana. Yongsil anatseka pakamwa ndi dzanja, ndipo sizinadziwike ngati akuseka kapena akulira.

Tsiku lolekana, Okbun anamuveka Mansu jekete ija n'kumumanga mabatani mpaka m'khosi. Koma analibe chomupatsa Yongsil, popeza pogula mphatso sankadziwa kuti kuli munthu wotero. Atafika pabwalo pamene panaima mabasi, anavula jekete yake yomwe n'kuiponya pamapewa a mayiyo. Sikuti anali atayamba kumukonda. Anangoona kuti mayi ameneyu akadwala, Mansu alibe womubereka. Basi itayamba kuyenda, Mansu anatulutsa dzanja pawindo, Okbun analigwira n'kuthamanga nalo pang'ono mpaka linapulumuka.

Pobwerera, atawoloka malire, Okbun anayankhula koyamba kwa mwana wake.

“Sanggu, iwe unali pambali panga, koma maso anga anali kunyanja.”

Sanggu anavula jekete yake n'kuwafunditsa amake.

Atafika ku Solgae, Okbun anatseka chitseko. Mbale ija anaitsuka n'kuiika pamodzi ndi zinzake. Lamlungu belu linalira, iye anagona choyang'ana kukhoma. Linaliranso Lamlungu lina, osadzuka. Nkhani inali itawanda kale m'mudzi. Abusa Myong, amene anali wachinyamata, anabwera ndi mawu achitonthozo, koma iye anawadula.

“Abusa, ana a m'mudzi muno ndawauza zaka zonsezi kuti wokhulupirika sachita manyazi. Ndikaime bwanji pamaso pawo? Pezani wina.”

Wina panalibe. Nthawi imeneyo nsomba zinali zitatha m'nyanja yathu, achinyamata atathawira m'mizinda, ndipo Sande sukulu imene kale inkadzaza chipinda inatsala ndi ana anayi okha. Wamkulu mwa iwo anali Boram, mtsikana wa pakamwa pakuthwa amene ankaleredwa ndi agogo ake chifukwa makolo ake analekana. Lamlungu lina masana Okbun anamva nsapato zikuvulidwa pakhonde.

“Aphunzitsi, tabwera kudzanena malonjezo athu,” anatero Boram ali panja. “Abusa satifunsa. Amangotipatsa mabisiketi.”

Okbun anatsegula chitseko, tsitsi lili nyankhalala. Anawo anakhala mondondozana pakhonde n'kuyamba kunena, wina kuti anasesa, wina kuti anaiwala kawiri. Atatha, Boram anafunsa chimene akuluakulu onse ankaopa kufunsa.

“Agogo akuti amuna anu ali ndi mkazi wina. Ndiye munadikira pachabe?”

Okbun anayang'ana manja ake.

“Sindikudziwa, Boram. Ndamufunsa Mulungu, sanandiyankhe.”

“Mwakwiya naye?”

“Ndakwiya naye.”

Anawo anayang'anana, chifukwa sankadziwa kuti munthu angathe kunena zimenezo denga osamugwera. Wamng'ono pa onse, Duri, amene mano akutsogolo anali atangoguluka, anati, “Ine ndikakwiya ndi amayi ndimadyabe mpunga wawo.”

“Iwe umadya ngakhale wa galu,” anatero Boram.

Okbun anaseka, koyamba chibwerereni, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Anawo anakhala pomwepo osadziwa chochita, mpaka iye anapukuta misozi n'kuwauza kuti azipita, nsapato asasinthanitse.

Lamlungu lotsatira anakwera chulu. Anayatsa mbaula, anawo atakhala pansi anati, “Pali chimene ndinkakuuzani chomwe sichinali choona chonse. Ndinkati ukakhulupirika, Mulungu amakupatsa chimene ukudikira. Mulungu sanandilonjeze kuti amuna anga adzabwera. Ndinadzilonjeza ndekha, n'kuika dzina lake pamenepo. Chimene Iye analonjeza n'chakuti sadzandisiya. Ndakhala ndikufufuza masiku onsewa kuti ndimupeze ndi mlandu pamenepo, ndalephera.”

“Ndiye malonjezo tisiye?” anafunsa Duri mwachiyembekezo.

“Ayi. Imirira, uyambe ndiwe.”

Kuyambira pamenepo ankawauzanso za mayi wina wa kutsidya kwa malire, amene sanamvepo belu la tchalitchi, koma anabereka mwamuna wake kumsana m'chaka cha njala pamene abale ake ankati amusiye. Akulu a mpingo ena sizinawasangalatse. Mmodzi anamuimitsa pakhomo la tchalitchi.

“Aphunzitsi, tamva kuti mukuphunzitsa ana za mkazi wachiwiri, wosapemphera n'komwe. Zitsanzo zatha?”

“Ndikuwaphunzitsa za munthu amene sanathawe, akulu. Mukapeza woposa ameneyo mundiuze.”

Abusa akafuna kumutchula paguwa ngati kale, ankawaletsa. Ukali wake pa ana sunathe, koma panali chimene chinasintha. Mwana akalephera lonjezo ankamufunsa kaye chimene chinachitika kunyumba. Boram anamuuza tsiku lina kuti amake analonjeza kudzamutenga koma sanabwere, ndipo anafunsa ngati ayenera kudikirabe. Okbun wakale akanayankha msangamsanga. Uyu anati, “Uwakonde, uziwapempherera. Koma usamaime pamphambano tsiku lonse, agogo ako ali m'nyumba okha.”

Sanggu anayamba kubwera mwezi ndi mwezi, nthawi zina ndi mkazi wake ndi ana. Ankakonza mpanda, amake ali chikhalire pakhonde kumuuza kuti akulakwitsa. Za kale sankazikamba kawirikawiri. Anapempha kuti aonanenso ndi Mansu, koma mwayi wachiwiri sunkaperekedwa, ndipo patapita zaka anamva kudzera kwa oyang'anira maulendo aja kuti anamwalira. Tsiku lenileni sanawauze. Okbun anasankha yekha tsiku la nyengo yachisanu, naitana abusa ndi anansi kunyumba kudzachita mapemphero okumbukira womwalira. Sanggu anaika patebulo chithunzi chimene anajambulitsa m'holo muja, cha mdala wa suti yomukulira. Yongsil anali m'mphepete mwa chithunzicho, ndipo mkazi wa Sanggu anafunsa ngati amudulemo.

“Musiyeni,” anatero Okbun. “Ndi amene anatseka maso a amuna anga.”

Za Yongsil sanamvenso kanthu, kaya ali moyo kaya ayi. Koma amene ankagwada naye pafupi pa mapemphero a m'mbandakucha ankamumva akutchula dzinalo tsiku lililonse, pambuyo pa la Sanggu.

Sande sukulu inatha yokha. Boram anapita ku sekondale ya kutauni, banja la Duri linasamuka, ndipo sukulu ya pulayimale ya m'mudzi inatsekedwa. M'tchalitchi munatsala nkhalamba zokhazokha. Okbun anapereka makiyi a kachipinda ka ana kwa abusa popanda mwambo uliwonse, nayamba kuyendera anzake amene sankathanso kukwera chulu, kuwawerengera Malemba ndi kuwadula zikhadabo. Anachita zimenezo mpaka miyendo yake inakana.

Anadwala nyengo imodzi yokha. Ali m'chipatala cha kutauni, Sanggu anamuuza kuti wapeza malo kumanda a tchalitchi, ndipo akufuna kusiya mpata pambali pake, kuti mwina dziko likadzagwirizana mafupa a bambo ake adzabwere.

“Usasiye mpata,” anatero Okbun.

“Amayi, mwawadikira moyo wanu wonse.”

“Ndinawadikira ali moyo, ndipo sindikudandaula. Koma ali naye wogona pambali pawo. Usadzawalekanitse. Munthu mmodzi asalandidwe kawiri.”

Anamwalira kumayambiriro kwa nyengo ya maluwa. Pamaliro panabwera anthu ambiri kuposa amene Solgae inawaona m'zaka zambiri: oyendetsa mathiraki, anamwino, ogulitsa m'misika, ena a imvi kale, onse odutsa m'kachipinda kaja. Pakudya anakangana ngati anali wankhanza kapena ayi, ndipo aliyense anali ndi nkhani ya tsiku limene anakokedwa padzanja m'mudzi monse. Boram anafika mochedwa, atayenda ulendo wautali ndi khanda kumsana, ndipo anapeza bokosi likutsika kale.

Sanggu anachita monga anauzidwa. Manda a Ham Okbun ali kumapeto kwa mzere, pafupi ndi mpanda, ndipo mbali inayo anaikapo mayi wina wa mumpingo amene anamwalira chaka chotsatira.